Makina Ako Akanatchula Dzina Langa

Lusungu mwanangu,

Wapita kukatsanzikana ndi anzako a kukwaya, ndipo pokudziwa iwe ndi pakamwa pakopo, subwera dzuwa lisanapendeke. Ndiye ndakhala pakhonde mvula itangokata, ndang'amba masamba osalembedwa m'kope lako lakale la sayansi, kuti ndikuuze zimene pakamwa pandikanika sabata yonse ino. Kalatayi ndiika pamwamba pa sutikesi yako. Uiwerenge lero lomwe. Usadikire kukaitsegula m'basi ya ku Lilongwe kapena m'ndege, chifukwa muli chinthu choti uchite mawa m'mawa usananyamuke. Ndikulemba m'Chichewa popeza Chitonga changa umachiseka, ndipo Chingerezi changa ndimachiseka ndekha.

Choyamba, ndanyada, ndipo sindikubisa. Kumsika akandifunsa kuti mwana wanu akukatani kunjako, ndimayankha kuti akukayeza nkhono za m'nyanja ya mchere, iwo n'kundiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Mayi wina wa tomato anachita kundifunsa kuti zaka zonse zija kuyunivesite, mapeto ake nkhono? Ndinamusiya, chifukwa nanenso zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Iwe wobadwira ku Mzuzu, woti tikapita kwathu ku Nkhata Bay umalowa m'madzi mpaka m'mawondo basi n'kuyamba kuitana Yesu, ndiwe ukukauza anthu a kunyanja yaikulu kuti izi idyani, izi zisiyeni. Ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha pamsewu.

Tamvera ngati ndinamva bwino. Unati kumeneko anthu amaweta ndi kutola nkhono za zigoba ziwiri zotsekana, ndipo nkhonozo zimadya posefa madzi. Nthawi zina m'madzimo mumachuluka ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zina mwa izo zapoizoni. Nkhono imadya nderezo osadwala, koma poizoniyo amatsalira m'thupi mwake kudikira munthu. Wina amatsegula m'mimba, wina amachititsa dzanzi milomo mpaka munthu kulephera kupuma, wina amaiwalitsa munthu zinthu. Ndinakufunsa kuti bwanji osangonunkhiza, unati sanunkha. Bwanji osawiritsa kwambiri, unati moto sumupha. Ndiye ntchito yako ndi kupera nyama ya nkhonozo, kuithira mankhwala okoka poizoni, kusefa, n'kulowetsa timadzi take m'makina a dzina lalitali aja, masipekitirometa, amene amayeza kulemera kwa tinthu tosaoneka. Poizoni aliyense ali ndi kulemera kwake, ndipo makinawo akamuphwanya, zidutswa zake nazonso zimalemera mwa mtundu wake, choncho sangabisale kumbuyo kwa mnzake. Ukapeza kuti wapitirira muyezo, gombe limene atolako nkhonozo limatsekedwa mpaka ziyere. Ngati ndakhoza, undipatse mamakisi anga.

Tsopano ndinene chimene ndakhalira pansi. Lamlungu lapitali, pa chakudya chokutsanzika kuno ku Lupaso, mphunzitsi wako wa kuyunivesite anakufunsa pamaso pa anthu chimene chinakukokera ku ntchito yotereyi. Unaimirira n'kufotokoza nkhani imene wakhala ukuimva chiyambire ubwana wako, yoti uli ndi zaka zitatu unatsala pang'ono kufa ndi bowa woipa amene anabwera naye ankhazi ako NyaGondwe, mlongo wawo wa bambo ako. Dzina lawo sunatchule, koma a pabanja onse anaweramitsa mitu. Kenaka unati, "Nthawi imeneyo anthu ankangoganizira. Makina amene ndikukagwiritsa ntchito saganizira, amatchula dzina la chimene chalakwa." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali nditanyamula beseni losambitsira alendo m'manja, ndipo madzi anatayikira pa nsapato za abusa.

Lusungu, nkhani ija si yoona. Sanali bowa. Makina akowo akanakhalapo tsiku lija, akanatchula dzina langa. Sindikufuna kuti ukwere ndege utasenza bodza langa, ukudana ndi munthu amene sanakulakwire. Ndifotokoza zonse, koma undilole ndiyambe ndi zolakwa zanga zing'onozing'ono.

Nditangolembedwa ntchito kukhitchini ya yunivesite, ophunzira anali ochepa moti tinkawadziwa mayina, ndipo kuseri kwa mpanda, kumene lero kwadzaza nyumba za lendi, kunali tchire lokhalokha. Pashelefu tinali ndi zitini ziwiri zofanana, china cha mchere wosalala, china cha soda wa therere. Sindinalembepo kanthu, ndinkati ndimazidziwa, cha mchere chimakhala kumanja. Tsiku lina mnzanga anapukuta shelefuyo n'kubweza zitinizo mosinthanitsa. Nyemba za tsiku limenelo zinasanduka phala loterera lomveka sopo, ophunzira anagogoda mbale pamatebulo mpaka akuluakulu anatuluka m'maofesi, ndipo kwa chaka chathunthu dzina langa linali Mayi Soda. Iwe ukukakhala ndi timabotolo tambirimbiri tofanana, kena kochokera ku gombe ili, kena ku gombe lina. Uzilemba pa botolo usanathiremo kanthu, osati pambuyo pake, ndipo usamadalire kuti dzanja lako likudziwa. Ine ndinawononga nyemba basi. Iwe ukasinthanitsa, utsekera anthu osalakwa gombe lawo, zapoizoni n'kupita kumsika ndi siginecha yako.

Cholakwa china chinali cha kugwedeza mutu. Atatibweretsera chipinda chozizira chosungiramo nyama, mkulu wathu anatifotokozera m'Chingerezi chothamanga za kawotchi ka pachitseko kosonyeza kuzizira, ndi chochita muvi wake ukakwera. Sindinamve ngakhale theka, koma ndinagwedeza mutu kuposa onse, kuopa kuti anditenga ngati wakumudzi. Tsiku limene muviwo unakwera ndinauona ndithu. Ndinalowa, ndinagwira nkhuku ndi dzanja, ndinanunkhiza ndi mphuno yanga ya kunyanja imene ndinkainyadira kuti imadziwa nsomba ya dzulo ili patali, n'kunena kuti zonse zili bwino. Patapita masiku awiri nkhuku zonse zinakakwiriridwa. Kumene ukupitako ukakhala mlendo wochokera m'dziko lopanda nyanja ya mchere, ndipo ukafuna kuonetsa kuti sunabwere mwangozi. Ndikukudziwa, unatengera ine. Ukapanda kumva, unene kuti bwerezani, ngakhale katatu. Ndipo zija unkandiuza, zoti m'mawa umayamba wapatsa makina madzi opanda kanthu kuti uone ngati mwatsalira za dzulo, kenaka poizoni wodziwika kale muyezo wake kuti uone ngati akunena zoona, usadzazidumphe tsiku limene watopa kapena mabotolo achuluka.

Zing'onozing'ono zatha. Yatsala ya ufa.

Ndinabwera ku Mzuzu ndili mtsikana wa kunyanja wokwatiwa ndi Mtumbuka wokonza mawaya a magetsi. Tinkakhala ku Kaning'ina m'nyumba ya zipinda ziwiri, nkhalango ili pakhomo penipeni, m'mawa nkhungu yoti sungaone chimbudzi. Abale a bambo ako ankandiseka kuti Atonga timadziwa kutchena basi, kuphika ayi. Ankanena mocheza, koma ine zinkandilowa. Iwe uli ndi zaka zitatu, apongozi anga, agogo ako, anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kuchokera ku Rumphi, ndipo ine ndinadzitama pamaso pa onse kuti adzadya nsima ya chinangwa, kondowole weniweni wa kwathu, wopangidwa ndi manja anga kuyambira pa chinangwa. Amayi anga ananditumizira thumba la chinangwa chowawa pa lole ya nthochi.

Umandiseka kuti ndimachedwa ndi chinangwa m'madzi ngati ndikufuna chimere mizu, koma sunandifunsepo chifukwa chake. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Timachisenda, n'kuchiviika mpaka chifewe ngati nthochi yakupsa kuti poizoniyo atuluke, kenaka kuchitsuka, kuchiyanika padzuwa mpaka chiume gwa, ndiye kusinja. Kwathu kumatentha, madzi amakhala ofunda, ndipo masiku atatu amakwana. Ndinakula ndikudziwa kuti ndi masiku atatu monga ndimadziwira dzina langa. Palibe anandiuzapo kuti atatuwo ndi a madzi a ku Nkhata Bay. Kuno kunali kumapeto kwa dzinja, mvula yamawawa tsiku ndi tsiku, madzi a pachitsime ozizira mpaka kuwawa m'mano. Tsiku lachitatu ndinavuula chinangwa mumgolo, ndinathyola chimodzi, ndipo pakati pake panali polimba. Ndinaona, Lusungu, sindinganame kuti sindinaone. Koma ndinawerenga masiku amene chakhala m'madzi, ndinawerenganso otsala kuti Loweruka lifike, ndinati atatu akwana. Dzuwa kunalibe, ndiye ndinachiduladula n'kuchiumitsa pamwamba pa moto. Ufa wake nditaulawa unandiluma pang'ono kulilime. Ndinadziuza kuti ndi utsi.

Usadzawerenge masiku, mwanangu, uzithyola chinangwa. Unandiuza wekha kuti ndere zija zimabwera madzi ndi mphepo zikasintha, ndipo gombe limene linali loyera sabata yatha likhoza kukhala lakupha sabata ino. Anthu adzakuuza kuti mwezi uno sizinachitikepo, kuti malo ano tatola chiyambire makolo athu, kuti galimoto ya katundu yaima panja ikudikira pepala lako. Ine chondifulumizitsa chinali Loweruka la apongozi, iwe chidzakhala galimoto imeneyo. Uyeze ndithu, ndipo chimene waona pa makina ndicho ulembe.

Lachisanu masana ndinati ndiphikeko pang'ono, ndione ngati ufa ukugwira bwino alendo asanafike. Ndikupakula, anafika ankhazi ako ndi kambale ka bowa wophika kale. Masiku amenewo ntchito yawo inali imeneyo. Ankalawirira kunkhalango kukazula bowa n'kukagulitsa kumsika, ndipo pomudziwa analibe mnzawo, moti azimayi ena ankabwera ndi madengu awo kuti awasankhire wodyedwa ndi wosadyedwa. Ankakukonda kwambiri, ndiwo ankakubereka ine ndikamachapa. Tinakhala atatu pamphasa. Iwo anatema mbamu imodzi ya kondowole, anatafuna, anandiyang'ana, n'kunena kuti zomata m'manjazi sanazizolowere, adya bowa yekha. Ine ndinadya pang'ono. Iwe unali ndi njala, unadya ngati munthu wamkulu.

Dzuwa lisanalowe unayamba kusanza, kenaka unafooka, khosi lili lende, maso osatsata munthu. Ine mutu unkandiwawa, chizungulire chikundigwira, koma sindinauze aliyense. Bambo ako anakunyamula n'kuthamanga nawe mpaka kumsewu, kumene galimoto ya matabwa inatitenga. Kuchipatala dokotala anafunsa funso limodzi, kuti mwanayu wadya chiyani. Bambo ako anandiyang'ana ine, popeza ndine ndinali pakhomo. Ndinati, "Wadya bowa." Za kondowole sindinatchule. Dokotala atamva bowa sanafunsenso china, anakuthandiza ngati wodya bowa, ndipo unachira chifukwa cha chisomo cha Mulungu ndi madiripi, osati chifukwa cha mayi ako. Ndinaika moyo wako pangozi kawiri tsiku limodzi, koyamba ndi ufa, kachiwiri ndi pakamwa. Ndikulemba izi manyazi akundiwotcha kumaso ngati zachitika dzulo. Ukadzafunsidwa ndi munthu amene akufuna kupulumutsa wina, unene zonse, ndi zokuchititsa manyazi zomwe.

M'mawa mwake ndinabwerera kunyumba ndekha ngati ndikukatenga zovala zako. Ndinatenga ufa wonse, lichero lathunthu, ndinakauthira m'chimbudzi, mgolo n'kuutsuka kawiri. Apongozi atafika ndinawauza kuti chinangwa chinawola ndi mvula. Chaka chatha unandiuza kuti m'ntchito yanu nyama yotsala ya zimene mwayeza simutaya, mumaisunga mufiriji italembedwa bwino, kuti wina akakayika ayezenso. Unkanena ngati nkhani wamba uku ukukukuta chimanga chootcha, koma ine ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Usadzataye chotsala, ngakhale chikhale chokutsutsa iwe amene. Ukadzalakwitsa, ndipo udzalakwitsa popeza ndiwe munthu, upite wekha kwa akulu ako tsiku lomwelo botolo lili m'manja.

Ankhazi ako anayesa kudziteteza kamodzi kokha. Banja litasonkhana pakhomo pathu, anabweretsa mphika wawo umene munatsala bowa uja, anadya yense pamaso pa anthu, n'kukhala pansi kudikira. Sanadwale. Koma bambo ako anati woipayo anali mmodzi, ndipo ndi amene anagwera mwana. Apongozi anavomereza. Ine ndinali nditaima pakhomo la khitchini, ndipo ankhazi ako anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayang'ana pansi. Sabata isanathe nkhani inali itafika kumsika. Palibe anagulanso bowa wawo, azimayi a madengu aja anasiya kubwera. Anasamukira ku Mchengautuwa kukaphwanya miyala ndi kugulitsa makala, ndipo bambo ako sanapondenso pakhomo pawo. Pa maliro a bambo ako, iwo amene anali mlongo wawo yekhayo anakhala panja pamodzi ndi anthu oyandikana nafe. Iwe unawadutsa ndi ndowa ya madzi osawapatsa moni, ine ndikuona, osakudzudzula. Bambo ako anapita osadziwa choona. Chimenecho sindingachikonzenso, ndipo chimandipweteka.

Ndiye ukamalemba kuti muli poizoni, uzikumbukira kuti kuseri kwa pepalalo kuli mayi wina ngati ankhazi ako, amene ana ake amadya chifukwa cha nkhonozo. Ukati mulibe pamene alimo, wapha wodya. Ukati alimo pamene mulibe, wapha wogulitsa, kungoti iyeyo amafa akuyenda. Ukakayika, yezanso. Usaope kutseketsa gombe ngakhale akutukwane, koma zikayera usagonetse pepala patebulo, ufulumire kuti anthu abwerere kuntchito. Ndipo usamangokhala m'chipinda cha makina ndi jasi lako loyera. Uzipita kugombeko nthawi zina, ukawapatse moni otola nkhonowo, udziwe mayina awo. Munthu amene umamudziwa nkhope sungamuyeze mwaulesi.

Lachiwiri ndinakwera kabaza kupita ku Mchengautuwa. Ndinasochera kawiri, chifukwa pamene ndinkadziwa kuti pali dambo pamera nyumba, magolosale ndi matchalitchi atatu. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde, tsitsi lonse layera. Nditati odi, anakweza mutu, anandiyang'ana, n'kundilonjera m'Chitumbuka kuti, "Mwatandala uli, mulamu?" ngati tinaonana dzulo. Anandiyalira mphasa, ine ndinakana. Ndinagwada padothi n'kunena zonse, kuyambira pa mgolo mpaka kuchimbudzi. Sanandidule mawu.

Nditamaliza anati, "Nkhamanyanga, mulamu. Ndinkadziwa. Kondowole uja anali wowawa chomene."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchulire tsiku limene banja linasonkhana.

"Ine ndinalawa mwana asanadye," anatero. "Kuwawa ndinakumva, koma ndinati ndikayankhula ndimuchititsa manyazi mkazi wa mchimwene wanga, mwina ndi mmene chimakhalira chakudya cha kwawo. Ndinakhala chete, mwana n'kudya. Ndiye pamene ankandinena, mumtima ndinati mlandu ndili nawo ndithu, kungoti si umenewo. Komanso ndikanakutchulani akanakubwezani ku Nkhata Bay, mwana n'kutsala kuno kwa adada ake. Mwana wa zaka zitatu wopanda nyina? Yayi."

Tinalira tonse awiri, nyemba zili mbwee pansi, mpaka mayi woyandikana nawo anasuzumira kuti aone ngati kwagwa maliro.

Taona tsono, Lusungu. Azimayi awiri, tonse tinalawa, tonse tinamva kuwawa, tonse tinatseka pakamwa, ine chifukwa cha manyazi, iwo chifukwa cha ulemu, ndipo wodwala unali iwe. Ulemu ndinakuphunzitsa ndine, kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha akuluakulu akamalankhula. Sindikuti ukausiye pabwalo la ndege. Koma ukalawa chowawa unene pomwepo, mbale ikadali pamphasa, ngakhale wophikayo ndi bwana wako, ngakhale ndi mayi ako. Ukhoza kunena utagwada, bola unene.

Kenaka anayamba kufunsa za iwe, ndipo ndinapeza kuti palibe chimene sakudziwa. Ankadziwa sukulu imene unasankhidwira, ankadziwa za nthawi imene unathyoka mkono pa netibolo. Tsiku limene unalandira digiri yako anaima kunja kwa mpanda wa yunivesite kuyambira m'mawa, n'kumva dzina lako pa zokuzira mawu, kenaka anabwerera kwawo wapansi. Nditawafotokozera za nkhono ndi makina, mwa mmene ndakulembera pamwambapa, anaseka n'kunena kuti iwo bowa ankamudziwa ndi maso, zala ndi mphuno, koma poizoni wosanunkha ameneyo ngofunikadi makina. Kenaka anati, "Ndiye kuti mwana watenga ntchito yanga. Ine ndinkasankhira azimayi a pamsika, iye akukasankhira dziko lonse."

Mawu amenewo uwatenge. Akadzakufunsanso kumeneko chimene chinakukokera ku ntchito imeneyi, nkhani yakale ija uisiye. Uwauze kuti kwanu ku Mzuzu uli ndi ankhazi amene sanalakwitsepo bowa ngakhale kamodzi, ndipo unatengera iwowo. Za ine unene kapena usanene, zili kwa iwe.

Zotsalazi ndi za mayi aliyense. Juzi yofiira ija ndaiika pansi pa sutikesi ngakhale unaitulutsa kawiri, usalimbane nane. Ukafika upeze tchalitchi, upezenso wokuphunzitsa kusambira, chifukwa n'zochititsa manyazi kuti mdzukulu wa asodzi aziopa madzi pamaso pa alendo. Nkhono zaziwisi zimene akuti amadya kumenekozo uzidya zokhazo zimene wayeza wekha, ndipo usanditumizire chithunzi. Mwamuna akadzakufuna, uyambe waona mmene amachitira akalakwa, ngati amavomera kapena amafuna womukankhira. Lamya uziimba Lamlungu tikaweruka, osati nthawi ya ulaliki monga umachitira ukakhala ku Lilongwe.

Ukhoza kundikwiyira, ndipo sindikuletsa. Ukamaliza kuwerenga usadzikakamize kundilankhula, ndikhala kukhitchini, ukafuna undipeza kumeneko. Ndinaopa zaka makumi awiri ndi zitatu kuti ukadziwa udzandiona mwa mtundu wina. Mwina uteroko. Koma kuyambira Lachiwiri ndikupuma bwino kuposa kale lonse, ndipo ndikukhulupirira kuti mwana amene ndinamuphunzitsa sukulu kuti azitchula zinthu mayina ake enieni sangandide mpaka kalekale chifukwa choti nanenso ndayesako.

Tsopano za mawa. Lero m'mamawa ankhazi ako alowa m'nkhalango ya Kaning'ina koyamba chichokereni chaka chija. Akuti nkhalango yabwerera m'mbuyo, nyumba zaidya, koma malo awo akale pansi pa misuku akuwakumbukira. Mawa afika kuno isanakwane seveni koloko, basi yako ndi ya teni. Sakufuna kuti uwapepese, akuti mwana sanalakwe. Apempha chinthu chimodzi chokha, kuti udye za m'manja mwawo usanapite. Ndikudziwa kuti zaka zonsezi fungo lokha la bowa limakutulutsa m'nyumba, ndipo ndine ndinakuchititsa zimenezo.

Ukamva odi, usadikire ine. Ukatsegule wekha, uwapatse moni umene unawamana pa maliro paja, ulandire kambale kawo ndi manja awiri. Kondowole ndiphika ine. Chinangwa chake ndinaviika mwezi watha masiku asanu ndi awiri, ndipo ndinathyola chilichonse pachokha. Mphasa ndayala kale pabalaza, ya anthu atatu.

Udye, mwanangu.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa